Mastazi ya chitetezo cha pa intaneti mukukhala ku Dedza kapena ku Ntcheu: poyambira ndi zotsatira zake

Anzathu ambiri ogwira ntchito za makompyuta kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kaya ndi kukhonsolo, kuchipatala, ku SACCO, kubanki kapena m'mabungwe omwe si aboma, amafika pena pomwe digiri yoyamba imaleka kuwakankhira patsogolo. Kukonza pulinta, kukoka mawaya a netiweki, kudzutsa seva yomwe yagona, zonsezo amazitha. Koma mabwana akamakhala pansi kugawa bajeti, wa makompyuta samuitana. Amamukumbuka zinthu zikathina. Maphunziro a kayendetsedwe ka chitetezo cha pa intaneti ndi amene amamulowetsa munthu m'chipinda chimenecho, ndipo mutha kuwachita osasiya ntchito, osasamukanso pa boma. Njira yake nayi.

Choyamba: dziwani chimene mukukaphunzira

Pali maphunziro amitundu iwiri amene mayina ake amafanana, ndipo anthu amalipira fizi asanawasiyanitse. Ena ndi a luso la manja: kufufuza mabowo m'mapulogalamu, kusanthula mavairasi, masamu obisira uthenga. Enawo, amene tikukamba pano, ndi a kayendetsedwe: ndani ali ndi mphamvu zolowa pati, chuma cha bungwe chomwe chili m'makompyuta ndi chiti, chiopsezo chachikulu chili pati, ndalama zochepa zomwe zilipo ziyambire kutseka khomo liti, ndipo tsiku lomwe zavuta woyamba kuimbiridwa foni ndi ndani.

Ena amaona ngati mbali yachiwiriyi ndi ya anthu othawa ntchito yeniyeni. Ine ndimakana, ndipo umboni tili nawo kwathu konkuno. Nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013, zinadziwika kuti ndalama za boma zinkatuluka kudzera mu IFMIS, sisitemu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma: malipiro ankalowetsedwa, macheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa. Panalibe kathyali wakunja wothyola khomo. Anali anthu a m'kati, okhala ndi mphamvu zolowera zomwe palibe ankazilondoloza. Antivayirasi wokwera mtengo bwanji sakanaletsa zimenezo. Chikanaletsa ndi lamulo loti wolowetsa malipiro asakhale yemweyonso wovomereza, ndiponso kuti kaundula wa zochitika m'sisitemu aziwerengedwa ndi munthu wina wapadera. Kumayambiriro kwa 2024 boma linaimitsa kusindikiza mapasipoti, ndipo mu February mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti sisitemu inalowedwa ndi anthu ofuna dipo. Mafunso amene munthu wophunzira kayendetsedwe amafunsa pa nkhani ngati imeneyo ndi oti: backup (kope lapadera la zosungidwa m'makompyuta) inali kuti, makiyi a sisitemu ankasunga ndani, mgwirizano ndi kampani yoisamalira unkati chiyani, ndipo ntchito ikanapitirira bwanji makina ataima?

Muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe ka chitetezo, ISO/IEC 27001, umene mudzakumana nawo pafupifupi m'kosi iliyonse, umanena zomwezi ndi manambala. Mtundu wake wa 2022 uli ndi njira zotetezera 93. Mwa izo, 37 ndi za kayendetsedwe ka bungwe, 8 ndi za anthu, 14 ndi za malo ndi nyumba, ndipo 34 zokha ndi za zipangizo ndi mapulogalamu. Nawonso a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, pokonzanso ndondomeko yawo ya chitetezo mu 2024, anawonjezera utsogoleri ngati mzati wachisanu ndi chimodzi pa mizati isanu yomwe inalipo kale ya kuzindikira, kuteteza, kutulukira, kuchitapo kanthu ndi kubwezeretsa.

Ngati chimakukomerani ndi kukhala pa kiyibodi usiku wonse kusaka bowo, sankhani njira yoyamba ija, ndi yabwinonso. Koma ngati mumapsa mtima poona chinthu chomwe mukudziwa kuti chidzavuta pamene palibe akukumverani, yachiwiriyi ndi yanu.

Chachiwiri: yesani kaye pa ofesi yanu musanalipire tambala

Apa ndichedwapo, chifukwa sitepe imeneyi ndi imene imathandiza zina zonse.

Tengani kope kapena tsegulani Excel. Lembani chilichonse cha mtengo chomwe chili m'makompyuta a pantchito panu: mndandanda wa malipiro, mbiri za odwala, maakaunti a mamembala, manambala a Airtel Money ndi TNM Mpamba a anthu olandira thandizo. Pa chilichonse yankhani mafunso awa: chimasungidwa pati, amachifikira ndani, chingavute bwanji, zitavuta tingataye chiyani, ndipo mwini wake woyankhapo ndi ndani. Kenako perekani malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa kuthekera koti zichitike, ndi 1 mpaka 5 pa kukula kwa chionongeko, n'kuchulukitsa. Zomwe zapeza malikisi ambiri ndi zoyamba kuzithamangira. Chimene mwapangacho kusukulu amachitcha risk register, ndipo mudzachilemba kangapo musanamalize mastazi.

Mukamayenda m'maofesi ndi kope lanulo mudzaona zinthu zomwe mwakhala mukuzidutsa. Kapepala kachikasu komatidwa m'mphepete mwa sikirini, pasiwedi italembedwa ndi bolopeni, ndipo ndi yomweyo imene akugwiritsa ntchito anthu anayi a muakaunti. Bambo anasamutsidwa kupita ku boma lina chaka chatha, koma akaunti yawo ikadali yamoyo. Seva ili m'kachipinda komwe amasungiramonso mopu ndi mapepala akale, kiyi wake ali pa msomali kuseri kwa chitseko. Backup ilipo, inde, koma ili pa hadi disiki yomwe yagona pamwamba pa seva yomweyo, moti moto kapena wakuba atenga zonse ziwiri. Fulashi imodzi imazungulira ofesi yonse, masana n'kupita kokasindikiza zithunzi kumsika. Palibe chimodzi mwa izi chofuna madola kuti chikonzedwe. Chimafuna munthu woti alembe lamulo, abwana asainire, ndipo wina azionetsetsa kuti likutsatidwa.

Chenjezo lofunika: ntchito imeneyi ndi yoona ndi maso ndi kufunsa, osati kuyesa kuthyola. Musalowe m'sisitemu yomwe simunapatsidwe chilolezo, ngakhale cholinga chili chabwino. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa kotero ndi mlandu. Pemphani chilolezo cholembedwa kwa abwana, ndipo kope lanulo mulisunge pokhoma, chifukwa mwalembamo zofooka zonse za bungwe.

Mukamaliza, mudzadziwa ngati ntchitoyi ikukukomani. Mudzakhalanso ndi nkhani yeniyeni yolemba m'kalata yofunsira malo, ndiponso mbewu ya kafukufuku wanu.

Mwezi womwewo werengani malamulo awiri: la 2016 lija ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe inapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri za anthu, ndipo imafuna kuti bungwe lidziwitse MACRA pasanathe maola 72 likazindikira kuti mbiri za anthu zabedwa kapena zatayika. Dziwaninso za MwCERT, gulu la pansi pa MACRA lolandira malipoti a ziwembu za pa intaneti. Mabuku ambiri a kosi amakamba za GDPR, lamulo la ku Ulaya loteteza mbiri za anthu. Wodziwa lamulo la kwawo amakhala ndi choonjezera m'kalasi.

Chachitatu: mastazi, satifiketi, kapena zonse?

Satifiketi za ntchito zodziwika pa mbali ya kayendetsedwe ndi CISM ya bungwe la ISACA ndi CISSP ya ISC2. Zonse zimafuna zaka zisanu za ntchito ya chitetezo. Mayeso a CISM ali ndi mafunso 150 a maola anayi, pa magawo anayi: utsogoleri, kuyeza chiopsezo, kuyendetsa pulogalamu ya chitetezo, ndi kuthana ndi zogwa mwadzidzidzi. Mutha kulemba mayeso zaka zisanakwane, satifiketi n'kudzatenga zikakwana. CISSP ili ndi magawo asanu ndi atatu, ndipo digiri yoyenera imakuchotserani chaka chimodzi. Zonse ziwiri zimafuna kulipira chaka ndi chaka ndi kusonkhanitsa maola 120 a maphunziro opitiriza pa zaka zitatu zilizonse. Mukalekerera, satifiketi imafa. Woyamba kumene angayambire pa Security+ ya CompTIA kapena CC ya ISC2.

Mastazi siifa. Imawerengedwa pokwezedwa m'boma, imatsegula khomo la kuphunzitsa ku yunivesite, ndipo imakuphunzitsani kulemba ndi kufufuza, luso lomwe mayeso osankha yankho sangakupatseni. Maganizo anga ndi awa: ngati muli m'boma kapena mukufuna kudzaphunzitsa, yambani ndi mastazi. Ngati maso anu ali kubanki, kumakampani a mafoni kapena kwa owerengera chuma, satifiketi imabweza ndalama msanga, mastazi n'kubwera pambuyo.

Pali njira yapakati imene ambiri saidziwa. M'mayunivesite a ku Britain mastazi ili ndi ma credit (muyezo wa kuchuluka kwa zophunzira) 180, koma mutha kuima pa 60 n'kulandira Postgraduate Certificate, kapena pa 120 n'kulandira Postgraduate Diploma. Kwa munthu wolipira yekha, zimenezi zikutanthauza kuti thumba likauma pakati panjira simubwerako chimanjamanja.

Chachinayi: sankhani sukulu, ndipo mufunse ku NCHE

Kuno kwathu yang'anani ku UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, MUST ku Thyolo ndi Mzuzu University. MUST imadziwika ndi digiri yoyamba ya Computer Systems and Security. Mzuzu yakhala ikuphunzitsa mastazi ya Information Theory, Coding and Cryptography, yomwe ndi ya masamu kwambiri, yoyenera a njira yoyamba ija. Mastazi ya zamakompyuta wamba ya kuno ingathenso kukufikitsani, bola kafukufuku wanu akhale wa chitetezo ndipo papezeke mphunzitsi wokuyang'anirani pa mutuwo. Ubwino wa kuno ndi woti fizi ndi ya makwacha.

Kunja, Royal Holloway ya University of London inayamba mastazi ya Information Security mu 1992, ndipo University of London imapereka mastazi ya Cyber Security yophunzira pa intaneti. Georgia Tech ya ku America ili ndi mastazi ya pa intaneti yokhala ndi nthambi ya malamulo ndi ndondomeko. Mu Africa muno muli Carnegie Mellon University Africa ku Kigali ndi Strathmore University ku Nairobi, kuphatikizapo mayunivesite a ku South Africa.

Musakopeke ndi dzina la kosi. Tsegulani mndandanda wa ma module. Mukapezamo kuyeza chiopsezo, utsogoleri, malamulo, kafukufuku wa masisitemu, kupitiriza ntchito pa nthawi ya ngozi, ndi khalidwe la anthu, ndiye kuti mwafika. Funsaninso mayeso amalembedwera kuti, makalasi ndi a nthawi yomweyo kapena ojambulidwa, ndipo mungapume teremu imodzi osachotsedwa.

Koposa zonse, musanatumize ndalama, fufuzani ku National Council for Higher Education (NCHE) ku Lilongwe. Iwo ndi amene amavomereza masukulu ndi makosi a m'dziko muno, ndiponso amayeza mapepala ochokera kunja. Pa Facebook pamadutsa zotsatsa za mastazi ya miyezi isanu ndi umodzi, yopanda mayeso, yotchipa modabwitsa. Safunsa anadya phula. Zimapweteka kuona munthu wagulitsa mbatatesi za nyengo ziwiri, pepala n'kudzakanidwa pa intavyu.

Chachisanu: mapepala

Transcript, pepala la malikisi a digiri yanu yoyamba, ipempheni msanga, chifukwa imachedwa, ndipo ngati munasiya ngongole ya fizi kusukulu, sidzatuluka musanalipire. Pezani anthu awiri okuchitirani umboni, mphunzitsi wakale ndi abwana a pano, muwapatse mwezi wathunthu. Masukulu ena akunja amafuna mayeso a Chingerezi a IELTS, ena amalandira kalata yotsimikiza kuti digiri yanu munaphunzira m'Chingerezi. Funsani musanalipire mayeso. Pasipoti ikhale ndi moyo.

M'kalata yofotokoza cholinga chanu musalembe zoti mwakonda makompyuta kuyambira muli mwana. Owerenga atopa nazo. Lembani zomwe munapeza pa sitepe yachiwiri, osatchula zinsinsi za bungwe: vuto linali lotani, munakonzapo chiyani, ndipo n'chiyani chimene chakukanikani chomwe kosiyo ikakuphunzitseni.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama

Wolipira m'madola kapena m'mapaundi akumbukire November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali pakati pa kosi anadzuka fizi itakwera pomwe malipiro ali pomwepo. Choncho powerengera, ikani malo a kugwa kwa kwacha, ndipo sankhani sukulu yolola kulipira module imodzi imodzi. Ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, ndiye pitani ndi invoice ndi kalata yokulandirani masabata angapo tsiku lomaliza lisanafike, ndipo muuzeni wa kusukulu msanga ngati banki ikuchedwa. Katapila musamuyandikire pa nkhani ya fizi.

Masikolashipu alipo. Chevening imalipira mastazi ya chaka chimodzi ku Britain, imafuna maola 2,800 a ntchito, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mukamaliza muyenera kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Commonwealth ili ndi ya opita ku Britain komanso ya ophunzira ali kwawo, ngakhale makosi ake amasintha chaka ndi chaka. Beit Trust imathandiza a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, choncho opikisana nawo ndi ochepa poyerekeza ndi ena. Fulbright ndi ya ku America, ndipo Mastercard Foundation imathandiza ophunzira ku Kigali kuja. Ambiri amatsegula chaka chathunthu maphunziro asanayambe. Wogwira ntchito kuboma ngati Ntcheu asadziderere: osankha amafuna munthu woonetsa kuti maphunzirowo akagwira ntchito pati, ndipo inu malo ake mukuwadziwa ndi maso.

Musaiwale kugogoda kwa abwana anu. Mabungwe ena ali ndi thumba la maphunziro lomwe limabwerera osagwiritsidwa ntchito. Akakuthandizani adzakumangani kuti mugwire zaka zingapo. Werengani pepalalo modekha musanasaine. A m'boma atsate njira ya tchuthi cha maphunziro kudzera ku ofesi yoona za antchito, zonse zikhale zolembedwa.

Chachisanu ndi chiwiri: nthawi, magetsi ndi netiweki

Credit imodzi ya ku Britain imayimira maola khumi, ndiye mastazi yonse ndi maola 1,800. Mukaigawa pa zaka ziwiri, ndi maola pafupifupi 17 pa sabata. Maola amenewo sagwa kumwamba. Amachotsedwa ku mpira, kumacheza a pa boma, ngakhale ku zochitika zina za kumudzi. Khalani pansi ndi akunyumba, muwafotokozere, chifukwa iwo ndi amene adzanyamule katundu amene inu mwatula. Maliro ndi matenda sizipangana ndi kalendala ya sukulu, choncho ntchito iliyonse muziimaliza masiku angapo tsiku lake lisanafike.

Ambiri amapeza kuti m'bandakucha ndi nthawi yabwino: ana ali m'tulo, netiweki ili yopepuka. M'mwezi wa June kuno ku Dedza zimafuna mtima, zala zimachita kuuma pa kiyibodi, koma jekete ndi tiyi wa mufulasiki zimathandiza. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi, utsi wake umapha mwakachetechete.

Magetsi a ESCOM musawadalire pa tsiku la mayeso. Laputopu ikhale ya batire lamoyo, ndipo ngati mungathe, kasola ndi inveta yaing'ono zoyendetsa laputopu ndi rauta. Khalani ndi ma SIM awiri, a TNM ndi Airtel, ndipo muyese kuti m'nyumba mwanu ndi iti imakoka bwino, chifukwa m'mapiri muno netiweki imasiyana ngakhale pakati pa chipinda ndi khonde. Okhala cha kumalire, ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Biriwiri, aonetsetse kuti foni sinalumphire pa netiweki ya ku Mozambique. Mavidiyo a makalasi akopereni pomwe bandulo ili yotchipa, muzionera popanda intaneti. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo anzanu angapo mutha kusonkherana. Mayeso oyang'aniridwa pa kamera salola kuduka, ndiye ngati simukukhulupirira za kwanu, Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera pa Dedza boma. Pitani dzulo lake mukagone komweko.

Zolemba zanu zikhale m'makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba. Ndi lamulo lomwelo limene mudzakhale mukuphunzitsa ena.

Pezaninso anzanu. Lowani ICTAM, bungwe la akatswiri a zamakompyuta m'dziko muno, ndipo mupange kagulu ka WhatsApp ka anthu ochepa ophunzira zofanana. Wophunzira yekha pa intaneti amagwa ulesi msanga teremu yachiwiri.

Chachisanu ndi chitatu: kafukufuku

Apa ndi pamene wokhala kuboma amaposa wa mumzinda. Za mabanki akuluakulu zalembedwa kale kambirimbiri, koma mafunso a kuno akudikira munthu. Kodi ma agent a ndalama za pafoni m'misika ngati ya Lizulu, Linthipe ndi Kampepuza amadziteteza bwanji kwa onamiza anthu kuti atumiza ndalama molakwika? Kodi zipatala zing'onozing'ono zimasunga bwanji mbiri za odwala pamene tabuleti imodzi ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri? SACCO yopanda katswiri wa makompyuta ingatsate bwanji lamulo la 2024? Nanga maphunziro a chitetezo akaperekedwa m'Chichewa, anthu amasintha khalidwe kuposa akaperekedwa m'Chingerezi? Funso lomalizali ndimalifunitsitsa litapeza mwini, chifukwa amene amaberedwa kwambiri ndi amayi ndi agogo athu omwe uthenga wochenjeza suwafika m'chilankhulo chawo.

Mutu ukhale waung'ono woti muumalize ndi ndalama za m'thumba mwanu. Boma limodzi, mtundu umodzi wa bungwe, funso limodzi. Mukagwirizana ndi supavaiza, pemphani chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku musanafunse munthu aliyense. Yunivesite yanu ili ndi komiti yake, koma kafukufuku wochitikira m'Malawi amafunanso chilolezo cha kuno, kudzera m'makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology kapena a mayunivesite ovomerezeka, ndipo wokhudza zaumoyo ali ndi komiti yakeyake. Izi zimatenga nthawi, ziyambeni msanga. Mukatero mukaonekere kwa a DC kapena kwa mkulu wa bungwe ndi kalata, ndipo ngati mukafunsa anthu m'midzi, mudzere kwa amfumu.

Polemba lipoti, bisani mayina a mabungwe ndi a anthu, ndipo musafotokoze bowo mwatsatanetsatane moti wowerenga n'kukaligwiritsa ntchito, pakuti mabuku a kafukufuku amaikidwa poyera pa intaneti. Zofooka zenizeni zomwe mwapeza zilembeni padera pa masamba awiri, m'mawu osavuta, ndi mtengo wa kukonza chilichonse, mukazipereke pamanja kwa mkulu wa bungwelo musanatumize buku lanu kusukulu.